Sobiya Yakana Kuyaka

Sawsan anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna amayi ake abwere kunyumba lero.

Amayi anali kuchipatala, kutauni, kumunsi kwa phiri. Kumeneko kunabadwa mlongo wake wa Sawsan. Sawsan anali asanamuone. Anangomumva pafoni. Ankalira ngati kambuzi.

Sawsan anakhala pampando. Anadzuka. Anapita pawindo. Anabwerera. Anapitanso pawindo. Miyendo yake inkangovina yokha.

Kwathu kuno, kumapiri a Lebanoni, chisanu sichinena odi. Chimangolowa. Dzulo kunali dzuwa. Lero madenga onse anali mbuu ndi chipale chofewa.

Foni inalira. Anali agogo a Widad, amayi awo a amayi. Agogo a Widad safuna foni kwenikweni. Akangotsegula windo, phiri lonse limamva.

"Mkamwini, mvetserani," anatero agogo.

"Ndikumva, Amayi," anayankha a Fawzi, bambo ake a Sawsan. Anaima njo, ngati agogo akuwaona.

"Tikadya nkhomaliro tinyamuka. Khanda silingalowe m'nyumba yozizira. Ndikafika ndigwira mphuno ya Sawsan. Ikakhala yofunda, titsika. Ikakhala yozizira, galimoto itembenuka. Mayi ndi mwana akakhala kwanga masiku makumi anayi."

Foni inaduka.

Sawsan anagwira mphuno yake. Inali yozizira. Anayamba kuwerenga masiku ndi zala. Zala zam'manja zinatha. Zala zakumapazi zinathanso. Masiku aja sanathe.

"Bambo, masiku makumi anayi ndi ambiri!"

"Usade nkhawa, mwana wanga," anatero bambo. "Tiyatsa sobiya. Ndi ntchito yaing'ono."

Sobiya ndi mbaula yathu yachitsulo. Imaima ngati kamgolo. Pamutu pake pali kathanki ka mafuta, kozungulira ngati mpira. Kumsana kwake kuli paipi. Paipiyo imakwera n'kulowa m'bowo la pakhoma, ndipo utsi umatulukira padenga. Nthawi yotentha sobiya imagona pansi pa masitepe. Chisanu chikabwera, timaidzutsa.

Kwa a Fawzi, amaidzutsa ndi amayi. Chaka chilichonse ndi amayi. Ntchito ya bambo ndi kugwira mpando ndi kupereka malangizo.

Chaka chino amayi kunalibe.

Bambo anakoka sobiya. Anaiimika pakati pa chipinda. Analumikiza paipi iyi ndi iyo. Anakwera pampando. Analowetsa paipi m'bowo. Anatsika. Anasasa m'manja.

"Waona? Amayi ako amatha m'mawa wonse. Ine ndatha madzi a khofi asanawire."

Anakhwatcha machesi. Anaponya m'sobiya. Moto unazima.

Anakhwatcha ena. Moto unazima.

Anakhwatcha enanso. Moto unazimanso.

Mishmish, mphaka wa Sawsan, anayang'ana bambo. Anayang'ana sobiya. Anayasamula.

"Bambo, mafuta alimo?" anafunsa Sawsan.

"Alimo. Ndathira ndekha."

Sawsan anagogoda kathanki. Kanali kodzaza. Anasuzumira pakagalasi ka pansi pa kathanki. Pamenepo ndi pamene mafuta amaoneka akudontha. Lero panalibe dontho.

"Bambo, sikudontha."

Bambo anapotoza kampopi. Panalibe dontho. Anapotozanso. Panalibe dontho.

"Dothi latseka," anatero. "Tandibwereka kaphini kako ka m'tsitsi."

Sawsan anachotsa kaphini. Tsitsi linagwera m'maso. Bambo anatokosa. Anatokosanso. Analuma lilime. Anatokosanso.

Tho.

Tho. Tho.

"Ikudontha! Ikudontha!" Sawsan analumpha.

"Nanga ndinati chiyani?" anatero bambo. "Ima patali. Moto si mnzako."

Anayatsa kapepala. Anakaponya m'sobiya. Moto unadzuka. Unagwedezeka. Kenako sobiya inatsokomola.

Phuu!

Utsi unatuluka pakachitseko. Unatuluka pachivundikiro. Unatuluka m'mbali mwa paipi. Chipinda chonse chinada bii. Moto unazima.

Bambo anatsokomola. Sawsan anatsokomola. Mishmish anathawira pamwamba pa kabati.

"Tsegula mawindo! Tsegula chitseko!"

Sawsan anathamanga. Anatsegula windo ili. Anatsegula windo ilo. Utsi unatuluka. Chisanu chinalowa. Monga ndinanena, sichinena odi.

Sawsan anagwira mphuno yake. Inali yozizira kuposa kale.

Foni inalira.

"Mkamwini, kwafunda?"

"Kwafunda, Amayi! Tikuchita kutuluka thukuta."

Mano a bambo ankagundana. Gu-gu-gu-gu.

"Nanga chikugogodacho n'chiyani?" anafunsa agogo.

"Ndi Sawsan, Amayi. Akudya mtedza."

Foni inaduka. Sawsan anagwira m'chiuno.

"Bambo, limenelo ndi bodza."

"Si bodza ayi. Ndi zoona za madzulo. Ndangofulumira kuzinena."

Pakhomo panamveka mawu. "Kwapsa chiyani kuno? Mwawotcha nsapato za musitolo?"

Anali a Mansur, a nyumba yoyandikana ndi yawo. A Mansur ndi ometa tsitsi. Iwo tsitsi alibe, ngakhale limodzi. Nzeru ali nazo za chilichonse. Ukawafunsa, amayankha. Ukapanda kuwafunsa, amayankhanso.

"Amalume, sobiya yakana kuyaka," anatero Sawsan.

"Patukani, bambo a Sawsan," anatero a Mansur. "Wogulitsa nsapato angadziwe chiyani za moto?"

"Nanga wometa ndevu?" anatero bambo.

"Ine ndimameta anthu okonza masobiya. Amandiuza zonse."

A Mansur anazungulira sobiya. Anainunkhiza. Anapukusa mutu.

"Mafuta anu ali ndi madzi. Ndithu. Ndamva fungo."

"Madzi alibe fungo, Amalume," anatero Sawsan.

"Awa ali nalo. Bweretsa botolo."

Sawsan anathamanga. Anabweretsa botolo la galasi. A Mansur anathiramo mafuta pang'ono. Anakweza botolo pawindo. Madzi akakhalamo, amakhala pansi. Onse anayang'ana pansi pa botolo. Anadikira. Anadikira. Sawsan anaponda ndi mwendo uwu. Anaponda ndi mwendo uwo.

Munalibe madzi.

"Abisala," anatero a Mansur. "Chabwino. Tiyese mankhwala akale."

Anavula silipasi yawo.

"Chinthu chilichonse chimamva silipasi. Wailesi imamva. Firiji imamva. Ngakhale galimoto ya mlamu wanga imamva."

Anamenya sobiya. Pha! Anamenya paipi. Pha! Pha!

Paipi inagwedezeka. Mwaye unatsika ngati mvula. Wonse unatera pamutu pa a Mansur.

Bambo anaseka mpaka kukhala pansi. "Mwayi wanu, a Mansur! Tsitsi lamera!"

"Sekani," anatero a Mansur. "Apongozi anu akubwera. Tiona woseka."

Bambo anasiya kuseka.

Anayesanso kuyatsa. Phuu! Utsi. Anayesa a Mansur. Phuu! Utsi. Bambo anati sobiya yakalamba. A Mansur anati machesi a masiku ano ndi achabe. Anakangana. Anakanganabe.

Foni inalira.

"Mkamwini, takwera galimoto."

Sawsan sanathe kukhala m'nyumba. Anatuluka. Anathamangira pampanda. Anayang'ana msewu. Msewu wathu umakhotakhota kasanu ndi kawiri usanafike m'mudzi. Munalibe galimoto. Anabwerera pakhomo. Anapitanso pampanda.

Kenako anayang'ana kumwamba.

Padenga la a Mansur, utsi unkakwera. Padenga la wophika mkate, utsi unkakwera. Pasukulu, utsi unkakwera. Padenga la kwawo panalibe utsi. Chumuni chinangoti zii.

"Utsi wa anzathu ukutulukira padenga," anaganiza Sawsan. "Wathu ukutulukira pawindo. Bwanji?"

Anatseka maso. Anakumbukira amayi, chaka chatha. Amayi anali pampando. Paipi inali isanalowe. Amayi anasolola kaulusi m'mphepete mwa diresi. Anakagwira pabowo la pakhoma. Kaulusi kanavina. Kanakokedwera m'kati.

"Khoma likupuma," anatero amayi tsiku lija. "Sobiya ili ngati iwe, Sawsan. Imamwa. Imapuma. Ukaitseka mphuno, singaimbe."

Ndiye chifukwa chake amayi amatha m'mawa wonse!

Sawsan anathamanga. Anatsetsereka pachipale. Anadzuka. Anathamanganso.

"Bambo! Bambo! Khoma silikupuma!"

"Taimani, a Mansur, machesi alibe mlandu..."

"Bambo! Khoma silikupuma!"

A Mansur anatembenuka. "Khoma kupuma? Mwanayu chisanu chamulowa m'mutu."

"Amayi amayamba ayesa bowo ndi kaulusi. Inu simunayese."

Bambo anakanda mutu. "Kaulusi? Ndimayesa amangosoka chinachake."

"Inu mumayang'ana pafoni, Bambo. Mumagwira mpando ndi dzanja limodzi."

A Mansur anaseka. Mwaye unagwa kuchoka pamutu pawo.

Bambo anatseka kampopi ka mafuta. Anakhudza paipi ndi chala. Inali itazizira. Anakwera pampando. Anazula paipi m'bowo. Anatsika. Ananyamula Sawsan paphewa.

Sawsan anasolola kaulusi pa sokosi yake. Anakagwira pabowo.

Kaulusi sikanavine. Kanangolendewera.

"Mwaona? Silikupuma."

Anasuzumira m'bowo. Munali mdima. M'kati mwa mdimamo munali chinthu.

"Bambo, muli chinthu chofiira."



"Chofiira?" anafunsa bambo motsitsa mawu.

"Chofiira. Chili ndi mizere yobiriwira."

"Aa," anatero bambo. "Mwina... mwina tingogula sobiya ina."

Koma Sawsan anali atapisa kale dzanja. Anakoka. Kunatuluka mkono. Anakokanso. Kunatuluka khosi. Anakoka ndi mphamvu zonse.

Phwu!

Inali juzi. Juzi yaikulu, yofiira, ya mizere yobiriwira. Inali yodzaza mwaye.

Juzi imeneyi mudzi wonse unkaidziwa. Anailuka ndi agogo a Widad. Anailukira mkamwini wawo ndi manja awo. Inali yokhuthala ngati mkeka. Inali yoyabwa ngati chitedze. Bambo akaivala, khosi linkasowa, makutu n'kufiira.

Chisanu chikatha, ife timachotsa sobiya. Bowo la pakhoma timalitseka ndi chisanza, kuti mbalame zisamangemo zisa. Chaka chino amayi anali otopa. Anati, "Bambo a Sawsan, pezani chisanza mutseke bowolo."

Bambo anapeza chisanza. Anachikankhira m'kati kwambiri, kuti wina asachione. Kenako anauza agogo kuti mphepo yaulutsa juzi pachingwe. Agogo anakalipira mphepo mwezi wathunthu. Mphepo inalibe mlandu. Bambo anaiwala zonse.

A Mansur anakhala pansi. Anagwira pamimba, akuseka. Misozi inapanga timisewu pamwaye wa kumaso.

"Mphepo!" anatero. "Mphepo ya ndevu! Mphepo yogulitsa nsapato!"

"A Mansur, chonde. Izi zisafike kometera tsitsi."

"Ine? Pakamwa panga ndi potseka ngati khoma lanu."

Sawsan sankaseka. Anagwiranso kaulusi pabowo. Kaulusi kananjenjemera. Kanaweramira m'kati. Kanavina!

"Likupuma! Fulumirani, Bambo!"

Tsopano onse anathamanga. Bambo anabwezera paipi. A Mansur anapukuta mafuta amene anachuluka pansi pa sobiya. Mafuta akachuluka, moto umalusa. Sawsan anatseka windo ili. Anatseka windo ilo. Anatseka chitseko.

Bambo anatsegula kampopi pang'ono.

Tho. Tho. Tho.

Anayatsa kapepala. Anakaponya. 

Moto unadzuka. Unagwedezeka. Unaima. Sobiya sinatsokomole. Inayamba kuimba.

Wuuuuu.

"Silipasi yanga ija yagwira ntchito," anatero a Mansur. "Imachedwa, koma imagwira."

Sawsan anasenda lalanje. Anaika makoko pamwamba pa sobiya, monga amachitira amayi. Fungo la utsi linathawa. Fungo la lalanje linadzaza nyumba. Chitsulo chinayamba kutentha. Mishmish anatsika pakabati.

Bambo anazungulira ndi juzi m'manja. Anatsegula kabati. Anatseka. Anayang'ana pawindo. Pomaliza anaikankhira pansi pa khushoni.

Piii! Piii!

Kumunsi kwa phiri, galimoto inali pokhota poyamba.

"Sawsan, khala apa," anatero bambo. "Pafupi ndi sobiya. Usasunthe. Mphuno imeneyo ndi chuma cha banja."

Sawsan anakhala. Miyendo inkavina.

"Pokhota pachitatu!" anafuula a Mansur ali pawindo.

Sawsan anagwira mphuno. Inayamba kufunda.

"Pachisanu!"

Sawsan anakhalira manja ake.

"Yafika!"

Chitseko cha galimoto chinatseguka. Panamveka mawu. Mawu ofewa, otopa.

"Sawsan wanga ali kuti?"

Ndani akanakhala? Sawsan anauluka ngati mpheta.

"Mphuno!" anakuwa bambo. "Bisa mphuno!"

Sawsan sanamve. Anakumbatira amayi pachitseko cha galimoto. Anasuzumira m'bulangete. Anangoona kachipewa. Mphepo inkawomba.

Agogo anachedwa kutsika. Anayamba akalipira dalaivala chifukwa cha pokhota pachiwiri. Anamukalipiranso chifukwa cha pokhota pachinayi. Anatulutsa mwendo umodzi. Anatulutsa wina. Anakonza magalasi awo. Kenako anatambasula chala.

"Bwera kuno, iwe."

Chala chinatera pamphuno ya Sawsan.

"Yozizira," anatero agogo. "Ngati ya galu. A dalaivala, musazime injini."

 Misozi inadzaza m'maso mwa Sawsan. Masiku makumi anayi!

"Agogo, yazizirira panja pano. Taonani padenga!"

Agogo anayang'ana. Utsi unkakwera bwinobwino.

"Utsi si bulangete," anatero agogo.

"Ndiye lowani mufunse Mishmish. Bambo amafulumira kunena zoona. Koma mphaka sanama."

Agogo anayang'ana Sawsan. Anayang'ana bambo. Bambo anayang'ana nsapato zawo.

Agogo analowa m'nyumba. Atangolowa, anaima. Magalasi awo anachita nthunzi. Sankaona kanthu.

"Agogo, magalasi anu atuluka thukuta!" anatero Sawsan. "M'nyumba yozizira satero."

"Hmm," anatero agogo.

Anavula magalasi. Anawapukuta ndi mpango. Anawavalanso. Anaona sobiya ikuimba. Anaona makoko a lalanje. Anaona Mishmish atagona chagada, miyendo m'mwamba.

Anaonanso chimene Mishmish anagonera. Mphaka uja anali atachikoka pansi pa khushoni. Chinali chofiira. Chinali ndi mizere yobiriwira.

Mphaka sanama, ndithu.

"Mkamwini."

"Amayi."

"Iyi si juzi inapita ndi mphepo ija?"

"Mphepo... yabweza, Amayi."

A Mansur anayamba kuyenda chammbuyo kulowera kukhomo. Amayi anali ataima pakhomopo, khanda lili m'manja. Sobiya yokha ndi imene inkalankhula. Tho. Tho.

Sawsan anagwira dzanja la agogo.

"Agogo, juzi yanu inali m'khoma. Ndi imene inatseka bowo. Ndi juzi yabwino kwambiri. Miyezi yonseyi mphepo sinadutse. Ngakhale kaulusi sikanagwedezeke."

Agogo anatola juzi. Anaikutumula. Anaitembenuza uku ndi uku. Panalibe pobooka.

"Ngakhale kaulusi?"

"Ngakhale kaulusi, Agogo."

Agogo anatukula chibwano. "Ndinanena ine. Zoluka zanga si za musitolo."

Amayi anayamba kuseka. Anaseka mpaka anati, "Ayi, musandiseketse, pamimba pakuwawa!"

Agogo anatsegula windo. Phiri lonse linamva.

"A dalaivala! Tsitsani katundu yense! Ndi chikwama changa chachikulucho!"

"Chikwama chachikulu, Amayi?" anafunsa bambo.

"Mayi ndi mwana akhala pano. Inenso ndikhala pano. Masiku makumi anayi. Juzi iyi ndiichapa lero, muivala mawa. Ulusi ndabwera nawo wambiri. Ndikulukirani yachiwiri, ya tsiku lochapa inayi."

Bambo anakanda khosi. Linali litayamba kale kuyabwa.

"Nanga inu a Mansur," anatero agogo, "mutu umenewo suzizidwa? Mukufunika chipewa."

A Mansur anathawa. Silipasi imodzi anaisiya pakhomo.

Amayi anakhala pafupi ndi sobiya. Anayang'ana paipi. Anayang'ana sokosi ya Sawsan, yomasuka ulusi.  Anangomupsompsona pamutu.

"Khala apa," anatero amayi. "Tambasula manja."

Sawsan anakhala. Amayi anamuika khanda pamiyendo. Linali lopepuka ngati mkate. Dzina lake linali Ziyad. Linatsegula diso limodzi. Linatsekanso.

Sawsan anatambasula chala chimodzi. Pang'onopang'ono, anagwira kamphuno ka mlongo wake.

"Agogo," ananong'ona. "Kofunda."

Sobiya inkaimba. Mafuta ankadontha. Tho. Tho. Tho.

Ndipo miyendo ya Sawsan inasiya kuvina.